Zikomo nonse amene munagwira foni usiku uja

Abale ndi alongo, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti amayi ali bwanji. Ali bwino. Dzulo andiimbira okha, kundidandaulira kuti ndiwo zopanda mchere si ndiwo, ndipo ine ndinangoseka misozi ili m'maso, chifukwa munthu wodandaula za mchere ndiye kuti wachira. Patsamba pano ndi pamene munandiona ndikulira mu February, ndiye ndi pomwe pano ndikuthokozereni.

Kwa amene nkhaniyi inakupitani: ine ndimakhala ku Mtendere kuno ku Lusaka, ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale za m'mabelo. Amayi ali kumudzi kwathu m'boma la Katete, cha kumalire ndi Mozambique. Miyendo yawo inayamba kutupa pang'onopang'ono. Ife tinkati ndi ukalamba, ena m'mudzi n'kuyamba kale kunong'ona kuti adumpha mankhwala panjira ya kudimba. Kenaka anasiya kugona chagada, ankachezera usiku atatsamira khoma chifukwa akangogona mpweya unkawathera. Tsiku limene zinafika poipa mvula inali itagwa masiku atatu, mtsinje wa pakati pa kwathu ndi msewu waukulu utasefukira. Kuchipatala chachikulu kunalibe kopitira. Achimwene anamanga ng'ombe pangolo, n'kuwatengera ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu.

Kumeneko kulibe dokotala. Kuli namwino mmodzi ndi bambo wina amene kumudzi timangomutchula kuti adokotala, ngakhale pa pepala ndi clinical officer, wophunzira kuyeza ndi kuchiza odwala koma wosafika pa udokotala. Bamboyu ndiye woyamba kumuthokoza, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Anawayeza amayi BP, anamvetsera pachifuwa, anadina mwendo ndi chala dzenje n'kutsala pomwepo. Akanatha kungowapatsa mapiritsi n'kunena kuti mubwere mawa, palibe akanamufunsa. Koma anauza achimwene kuti, "Bambo, apa ndifunse anzanga." Anatenga foni, anajambula miyendo, analemba zonse zimene anayeza, n'kutuluka m'mvula kukakwera pa chulu cha kuseri kwa chipatala, poti netiweki ya kumeneko imagwira pachulupo basi. Achimwene ndi amene anamugwirira ambulera.

Dokotala amene anayankha anali mayi. Anafunsa mafunso amene ife ana awo sitinawaganizepo: amagona ndi mapilo angati, amakodza kangati, amadya mchere wotani. Kenaka anati, "Pali mankhwala amene akumwa kunyumba? Mundijambulire mapaketi ake." Mlamu wanga anamasula mfundo ya chitenje cha amayi, munali mapiritsi a Brufen. Amayi akhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi chifukwa cha maondo, ndipo ndiulule pano, ndalama zogulira ndinkatumiza ndine. Dokotala anafotokoza kuti mtima wa amayi wafooka chifukwa cha BP ya zaka zambiri, sukupopa magazi bwino, ndiye madzi akudzaza m'miyendo ndi m'mapapo, ndipo mapiritsi a mtundu wa Brufen amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, n'kumalemetsanso mtima womwe watopa kale. Analamula kuti asiye pomwepo, awapatse furosemide wotulutsa madzi m'thupi, agone mutu uli m'mwamba, ndipo mtsinje ukangophwa apite ku chipatala chachikulu. Usiku umenewo mlamu wanga anatopa ndi kutaya chibekete. Kutacha amayi anapempha phala.

Mlamu, zikomo. Sindinu mwana wawo wobala koma munachita zoposa ife.

Chimene chinandizunguza mutu ndi chakuti dokotala uja anali kuno ku Lusaka. Ine ndili ku Mtendere mumdima, magetsi atazima monga tinazolowera kuyambira chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, ndikuwerenga maola kuti kuche ndikakwere basi pa siteshoni ya Intercity, iye ali mumzinda womwewu akuona miyendo ya amayi anga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Mayi inu, sitinaonanepo, mwina tinapambanapo pa Manda Hill kapena m'minibasi osadziwana. Ngati mawuwa angakufikeni, dziwani kuti pali banja ku Katete limene limakutchulani m'pemphero la madzulo.

Pali ena anandilembera kuti boma lingotumiza madokotala kumidzi m'malo mwa masewera a pa foni. Ndikukumvani, ndipo inenso ndikanakonda amayi akanagwiridwa ndi manja a dokotala. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000, komabe dokotala ndi wosowa, ndipo ambiri amakhala m'matauni momwe muli zipangizo, sukulu za ana awo ndi nyumba. Vutoli si la lero. Ndege za Zambia Flying Doctor Service zakhala zikunyamula madokotala kuchokera ku Ndola kupita kumadera akutali kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero kuli bungwe la Virtual Doctors limene limalumikiza ma clinical officer a kumidzi ndi madokotala a ku UK pa foni. Ine ndikuti, pamene tikudikira dokotala wa mudzi uliwonse, zipatala zazing'onozi zipatsidwe sola yodalirika, mabandulo ndi nsanja ya netiweki, kuti munthu asamakwere chulu m'mvula. Komanso foni ija ikanakhala yachabe pakanapanda munthu wodziwa kuyeza BP ndi kumvetsera pachifuwa, ndiponso pakanapanda furosemide m'kabati. Tsiku limenelo analimo.

Ndithokozenso a neba anga amene ananditsegulira chitseko usiku pakati kuti nditchaje foni pa sola yawo, amayi a chilimba chathu, gulu losonkherana ndalama mosinthana, amene munandipatsa ndalama isanakwane nthawi yanga, ndi a mphakati wathu amene munapemphera nane pa WhatsApp mpaka tambala. Inu amene munatumiza pa Airtel Money ndi MTN, ena K20, ena K500, ndinalemba aliyense m'kope. Ulendo wa pa Great East Road sindinauone, pa Luangwa Bridge sindinatsike, nthochi za pa Nyimba sindinagule, ndinkangoti basi ifulumire.

Mtsinje utaphwa tinawatengera ku chipatala chachikulu cha St Francis ku Katete, komwe anawajambula pachifuwa, kuwayeza magazi ndi kuwakonzera mankhwala omwa tsiku lililonse. Anamwino a kumeneko, zikomo chifukwa chopirira ndi mafunso anga.

Panopa mwezi uliwonse amapita ku chipatala chaching'ono chija kukayezedwa BP ndi kukwera pa sikelo, ndipo ngati kulemera kwakwera mwadzidzidzi, bambo uja amatumizanso uthenga. Maondo akupwetekabe, tikungowathowa ndi madzi ofunda ndi kumwa Panado. Anena kale kuti mu August, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, apita ndi miyendo yawo kukaona Gule Wamkulu, ndipo andilamula kuti ndiwapezere nsapato mu belo lotsatira, chifukwa zija ndinawagulira miyendo ili yotupa tsopano zikuwavuka.