Zikomo, anthu a ku Tankwa Karoo

Bambo ndi mayi amene munaima pamsewu wa R355 matayala athu awiri ataphulika tikupita ku AfrikaBurn, chikondwerero cha zaluso chimene chimachitikira m'chipululu cha Tankwa Karoo ku South Africa, zikomo kwambiri. Msewu wamiyala uja ulibe chisoni, netiweki ya foni kulibenso. Munatibwereka tayala lanu osafunsa n'komwe mayina athu.

Ndithokozenso agogo a tenti yoyandikana nafe. Chimphepo cha fumbi chitagwetsa tenti yanga usiku, munandifunditsa bulangete n'kundiphikira tiyi wa rooibos. Nditatulutsa ndalama munangoseka, poti kumeneko sagulitsa kanthu kupatula ayezi.

Tsiku lowotcha kachisi wamatabwa, amene anthu amalembapo mawu okumbukira okondedwa awo, ndinalembapo dzina la malemu mayi anga. Inu amene munandigwira paphewa mpaka moto unazilala, nkhope yanu sindinaione bwino mumdima muja, koma dzanja lanu ndikulikumbukabe.