Amalume, kodi mbawa ndi mtengo?

Ndangofika kumene kuchokera ku Botanic, munda wosungirako zomera wa ku Zomba, nsapato zikadali ndi dothi la m'mbali mwa Mulunguzi. Ndinatenga mwana wa achemwali, wa Sitandade 5. Tafika pa chimtengo china, mwana waima, wawerenga kachikwangwani, kenako akuti, "Amalume, kodi mbawa ndi mtengo? Ine ndimayesa ndi dzina la matabwa a kwa akalipentala." Wayesa kuukumbatira, timanja take osafika ndi theka lomwe. Abale, mtima wandiwawa.

Mwanayu wabadwira m'munsi mwa phiri la Zomba, koma mitengo yachilengedwe amaiwona ili kale m'matumba a makala, ikutsika panjinga m'mamawa. Chonsecho munda uwu uli pakhomo pathu pompano kuyambira 1891, pomwe anautsegula Alexander Whyte, uja dzina lake lili m'dzina lasayansi la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu womwe taudula mpaka watsala pang'ono kutheratu m'phiri lake lomwe. A National Herbarium, omwe amayang'anira mundawu, amasunga masamba ndi maluwa owumitsa, chilichonse cholembedwa komwe anachitola, kuti tsiku lofuna kubzalanso tidzadziwe chomwe chinkamera pamalopo. Ntchito yachete, koma ine ndimaiyamikira kwambiri.

Ambirife timangopita ku Botanic kukajambulitsa zaukwati basi. Aphunzitsi a ku Matawale, Chinamwali ndi Sadzi, chonde tengani anawa tsiku lina akagwire makungwa ndi manja awo. Wathuyu walemba mayina asanu kumapeto kwa kope, ndipo panopa wawapanikiza agogo ake kuti amuuze zomwe ankachiza ndi mlombwa.