Kaputeni John Irving, wa pamadzi ndi wa ku nyumba ya malamulo

Lero mtima wanga uli pa John Irving wa ku British Columbia, ku Canada. Bambo ake atamwalira mu 1872, mnyamatayu, asanakwanitse n'komwe zaka 20, anatenga udindo woyendetsa sitima zawo pa mtsinje wa Fraser. Tangoganizani, mwana wotere kulamula akuluakulu pamadzi aukali chonchija!

Mu 1883 anatsogolera kukhazikitsa kampani ya sitima zapamadzi ya Canadian Pacific Navigation Company, ndipo mu 1894 anthu a ku Cassiar, dera lakutali kumpoto, anamusankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha British Columbia. Ine ndimaona kuti anasankha bwino, chifukwa munthu wodziwa madoko amadziwanso zimene anthu akutali amasowa.

Chimandiwawa n'chakuti chuma chonse chimene anapeza chinamuthera. Anamwalira mu 1936 ku Vancouver.