Basi ya kwanu yadutsa, apongozi

Kwawo kwa mayi a kunyumba kwanga, ku Bangwe, dzina langa la ubatizo linatha ntchito. Ndikangotulukira pa geti, tiana timathamangira kuseri kwa nyumba tikukuwa kuti, "A Bwerezanso abwera!" Akuluakulu amatikalipira ndithu, koma ukawayang'anitsitsa, mapewa awo amakhala akugwedezeka. Dzinali ndinalipata tsiku la chinkhoswe changa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala.

Ine ndili ndi matenda a nyimbo. Anandiyamba ndili mnyamata, nthawi ya makaseti. Makaseti enieni ankapezeka kwa O.G. Issa ku Limbe, koma ndalama yake ndikanaitenga kuti? Ndiye ndinkagula C90 yopanda kanthu, mphindi 45 mbali iliyonse, n'kukhala pambali pa wailesi ya bambo chala chili pa batani lofiira, kudikira kuti muulutsi wa MBC atseke pakamwa. Sankatseka msanga. Theka la nyimbo zanga linkayamba ndi moni wopita kwa anthu a ku Nsanje. Pobweza tepi ndinkazunguza ndi cholembera kuti mabatire asathe, chifukwa akatha, nkhani yake inali ya lamba. Chimene chinkandisiyanitsa ndi anzanga n'chakuti sindinkangounjika nyimbo ngati mbatata. Kaseti iliyonse inali ndi mutu wake. Mbali A za mvula, mbali B za njala.

Makaseti anapita, kunabwera ma CD, kenako flash ndi memory card, koma matenda anatsala. Tilipo anthu 6 pa gulu lathu la pa WhatsApp, tonse odwala mofanana. Mwezi uliwonse mmodzi amatchula mutu, ndipo aliyense amasonkhanitsa nyimbo zake n'kuponyera anzake. Tinachitapo za ngongole. Tinachitapo za amuna amene anapita ku Joni osabwerako, kuyambira a nthawi ya Wenela mpaka a lero. Lamulo ndi limodzi lokha: theka la nyimbo zako likhale la oyimba amene wailesi sikuwadziwa, anthu opeka okha n'kuyimba okha. Wobweretsa nyimbo zomwe zikulira kale m'minibasi amagula bandulo ya gulu lonse.

Ndiye kumapeto kwa sabata ine ndimakhala m'misika ndi m'madepoti, foni m'manja, makutu ali tcheru. Musandiseke. Anyamata awiri a Madalitso Band ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, chigitala chachikulu cha nsambo imodzi chopanga okha, anthu n'kumangowadutsa, koma mu 2017 anakayimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako mpaka ku Ulaya. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, dziko lonse linawavinira pa TikTok atadutsa zaka 90. Ine mumtima ndinkati wotsatira ndidzamupeza ndine. Nditamva za Hugh Tracey, mzungu amene anazungulira Nyasaland m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi n'kumalemba malo ndi tsiku la nyimbo iliyonse, ndinati nanga ine ndalakwanji? Ndinayamba chizolowezi. Nyimbo ikatha, ndisanazimitse foni, ndinkanena mokweza dzina langa lonse, malo, tsiku ndi mutu wa mwezi umenewo, ndi mawu okhuthala ngati wowerenga nkhani.

Gwirani chizolowezi chimenechi. Chibweranso.

Mwezi wina mnzathu amene ali pa chikamwini ku Thyolo anatchula mutu: apongozi. Tonse tinadziwa kuti munthuyu akulira, koma lamulo ndi lamulo. Ine ndinasakasaka osapeza ya nzeru, mpaka tsiku lina ndinafika pa msika wa Lunzu. Kuseri kwa ogulitsa tomato, pafupi ndi malo omwera masese, panakhala bambo wina wochepa thupi, wa chipewa chong'ambika. Banjo yake inali ya chigubu cha mafuta a galimoto, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Phazi lamanja linkaponda kang'oma, ndipo pa kawaya kena anatungapo zitsekerero za mabotolo zomwe zinkachita wekeseweke akagwedeza bondo. Munthu mmodzi, koma ukatsinzina unkamva gulu lathunthu. Ndinamupatsa K500, n'kumufunsa ngati ali nayo ya apongozi. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa ngati m'nyanja muli madzi.

Nyimbo yake inkati apongozi anabwera kudzagona tsiku limodzi, lero ndi mwezi wachitatu, adzala ndi mpiru kuseri kwa nyumba. Inkati nkhuku yanga inali ndi miyendo iwiri, koma m'mbale mwanga mwabwera khosi. Ndiye pobwereza pake, pamene pali msampha wonse, inkangoti: basi ya kwanu yadutsa, apongozi, basi ya kwanu yadutsa.

Ndinali nditalawako pang'ono, sindikana. Anthu anatiunjirira akuseka. Bamboyo atafika pa khosi paja, chimwemwe chinandikwera kumutu, ndinakuwa pafupi penipeni ndi foni: "Bwerezanso pamenepo, madala! Anga ndi omwewo!"

Chilungamo chake, nthawi imeneyo mayi a bwenzi langa ndinali nditawaona kamodzi kokha. Anandipatsa thobwa, n'kundifunsa za mpingo, basi. Sanadye nkhuku yanga. Ndinalibe ndi nkhuku yomwe. Ndinangolankhula kuti woyimba alimbe mtima. Nyimboyo inapambana mwezi umenewo, ndinaisunga mu folder yolembedwa APONGOZI, n'kuiwala.

Patapita miyezi ingapo, za chinkhoswe zinapsa. Pa komiti ndinawauza kuti za tenti, za mpunga ndi za mipando achite okha, koma nyimbo asakhudze munthu. Ndinakhala masabata atatu ndikusanja. Gawo lililonse linali ndi folder yake: kulowa kwa ankhoswe, atsikana ofunda zitenje amene amabwera kudzakupusitsa kuti uloze wako, kusinthana tambala ndi msoti, kupereka nkhwangwa ndi lichero, perekaniperekani wa kuchimuna, wa kuchikazi. Pa gawo la mayi a mtsikana ndi pomwe ndinathera nzeru zonse. Mayiwo ndi a Mvano, a bulauzi yoyera yosaona banga. Ndinawasankhira nyimbo za makwaya ndi zoyamikira mayi wobala, zofewa, zogwetsa misozi. Nditafuna kulemba dzina la folder, kompyuta inakana, inati dzina limenelo lilipo kale. M'malo modzifunsa kuti lilipo bwanji, ndinangowonjezera nambala. APONGOZI 2.

Usiku wa Lachisanu magetsi anathima, batire ya laputopu ili pafupi kufa. Mothamanga ndinakokera nyimbo zonse mu flash, zachinkhoswe ndi zosakhala zachinkhoswe. M'mawa ndinapereka flash kwa DJ, kamnyamata kovala magalasi akuda ngakhale kunali mitambo. Ndinayamba kumufotokozera, iye anandidula. "Bigi, musadandaule. Izi timapanga daily."

Amalume anandikokera pambali mwambo usanayambe. "Mphwanga, lero ndiwe chithunzi. Sulankhula, suseka, sutembenuka. Maso pansi. Anthu aone kuti kwathu timalera." Ndinavomera ndi mtima wonse.

Zonse zinayenda bwino mpaka dzuwa litapendeka. Mkazi wanga ndinamuloza mosaphonya, nkhuku zinasinthana manja, nthungululu zinalira. Ine ndili phee pa mpando wa kutsogolo, malaya a chitenje ofanana ndi diresi la mnzanga, mumtima ndikudziyamikira chifukwa nyimbo iliyonse inkagwa pamalo pake. Kenako MC anakweza mawu. "Tsopano tione mayi amene anasenza mimba miyezi 9! Mayi a mtsikana ndi anzawo onse, bwalo ndi lanu! DJ, tipatse ya apongozi!"

Chakudza sichiyimba ng'oma, amatero akulu. Changa chinayimba banjo.

Nsambo yoyamba itangolira ndinaizindikira. Wekeseweke wa zitsekerero uja anatuluka m'masipika aakulu ngati makabati, ndipo mtima wanga unangoti myuu. Kudzuka sindikanatha. Kukuwa sindikanatha. Ndinakweza maso pang'ono, n'kuyamba kumuphethira DJ, kumukwezera nsidze, kupukusa mutu pang'onopang'ono ngati ndikuthamangitsa ntchentche. Iye anandiona. Anamwetulira, anandikwezera chala chachikulu, n'kuwonjezera voliyumu.

Vuto la nyimbo imeneyi ndi lakuti imakoma. Amayi a Mvano anatuluka pa mzere, apongozi anga patsogolo, mpukutu wa ma K200 m'manja. Anavina, abale anga. Sindinkadziwa kuti mayi aja ali ndi chiuno chotero. Ndime yoyamba inamira mu nthungululu, palibe anamva za mpiru. Ndinayamba kupemphera kuti phokoso lisathe mpaka nyimbo ithe. Koma pobwereza paja ndi pogwira msanga, moti kachiwiri kokha amayi onse anali akuyimba nawo, manja m'mwamba, akumwetulira: basi ya kwanu yadutsa, apongozi! Apongozi anganso ankayimba, akuponya ndalama m'lichero lomwe linali patsogolo panga.

Woyamba kumva anali mayi wina wachikulire wa kumapeto kwa mzere. Ndinaona mwendo wake ukuima m'malere. Anakodola mnzake. Mnzakeyo anatchera khutu, kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono. Nthungululu zinazilala, ndipo m'bata lomwe linatsalalo bambo wa ku Lunzu anafotokoza momveka bwino nkhani ya nkhuku ya miyendo iwiri.

Mpaka apa mlandu unali wa DJ. Ndikanatha kuukana. Ndikanati kamnyamata ka magalasi kasokoneza. Koma banjo inatsika pang'ono, ndipo Bangwe yense anamva mawu amene ankawadziwa bwino, okondwa, onunkhira masese:

"Bwerezanso pamenepo, madala! Anga ndi omwewo!"

Kenako kuseka kwanga. Ndili ndi kaseke kena kokoka mpweya ngati pampu ya njinga, kosabwerekeka.

Mnzanga pambali panga sanatembenuke. Nayenso anauzidwa kuti ndi chithunzi. Anangolankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Si mawu anu awa?" Ndisanapeze bodza, nyimbo inatha, ndipo wowerenga nkhani uja anakonza kukhosi. Anatchula dzina langa loyamba, lapakati ndi la bambo anga. Anati tili pa msika wa Lunzu. Anatchula tsiku. Anamaliza ndi kunena kuti mutu wa mwezi uno ndi apongozi ovuta.

Kunali zii. Mawu okha amene anamveka anali a tambala wathu uja, ali m'khwapa mwa nkhoswe ya kuchikazi, amene anasankha nthawi imeneyo kulira.

DJ, pofuna kupulumutsa zinthu, anadina yotsatira. Yotsatira inali ya mnzanga wa ku Thyolo, ndipo inayamba ndi mawu akuti mfiti. Mlamu wanga wina ndi amene anathamanga kukazimitsa jenereta.

Apongozi anga sanakuwe, sanalire. Anali ndi ma K200 angapo otsala m'manja. Anayandikira lichero, n'kuyamba kuwagwetsa limodzilimodzi, mosafulumira, maso ali pa ine. Ine maso pansi, monga anandilangizira amalume. Ndinawerenga. Analipo 7.

Ankhoswe amene anali atangolandira udindo ola lomwelo anayamba ntchito tsiku lomwelo, kuseri kwa khitchini, pafupi ndi miphika ya mpunga. Amalume anayesetsa. Anati masiku ano makompyuta amatha kuyerekeza mawu a munthu. Nkhoswe ya kuchikazi inafunsa ngati kompyuta imadziwanso dzina lapakati la mphwawo, lomwe ngakhale mtsikana wawo analimva koyamba lero. Amalume anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti mwana walakwa. Akuchikazi anatchula mbuzi. Atakambirana mpaka mpunga kuzizira anagwirizana nkhuku ziwiri ndi kupepesa nditagwada. Ndinagwada pa fumbi ndi malaya anga atsopano. Bwenzi langa linakhala masiku 5 osayankha foni.

Ku Lunzu ndinabwererako kawiri, chifukwa theka la anthu amene anali pa chinkhoswe linkandifunsa mobisa kuti ndiwaponyere nyimboyo, ndipo ndinaona kuti K500 inamuchepera mwini wake. Ogulitsa tomato anati anasamukira cha ku Zalewa. Ndikumusakabe.

Ukwati unachitika, nyimbo anasankha ndi mlamu wanga. Patatha miyezi itatu, apongozi anabwera kwathu ku Chilomoni kudzationa. Anati agona tsiku limodzi. Sabata yachiwiri ndikuchokera kuntchito ndinapeza kuseri kwa nyumba kwalimidwa bwinobwino, timabedi tiwiri tothiriridwa kale. Sindinafunse kuti adzalamo chiyani.

Madzulo ena anandiitana pakhonde, n'kundipatsa foni yawo ndi manja awiri. "Bambo, mundiikiremo kanyimbo kaja."

Ndinayamba kupepesanso. Anandidula. "Iyayi, n'kabwino. Kamanena za apongozi ovuta. Nanga inu kwa ine si apongozi?" Pamenepo ndinalibe poyankha, chifukwa m'Chichewa mawuwa amadula mbali zonse ngati mpeni wakuthwa konsekonse. Ndinawaikira. Anapempha mdzukulu wa aneba kuti awakonzere kuti kazilira ndikamawaimbira foni ine, ndipo mwanayo, wopanda chisoni, anadula nyimbo yonse n'kusiya pa mawu anga pokha. Anandiuza kuti ndiyese. Ndinaimba. Foni inakuwa m'manja mwawo kuti anga ndi omwewo, iwo n'kugwedeza mutu movomereza.

Tsiku limenelo anatiphera nkhuku, imodzi mwa zitatu zomwe ndinali nditangoyamba kuweta. Anaphika okha, anagawa okha. Nditavundukula mbale yanga ndinapeza khosi.