Lachitatu la Spider-Man ku New York

Ku New York kuli anthu amene sabata yawo imayambira pa Lachitatu. Ndi tsiku limene timabuku tatsopano ta makatuni a ngwazi, ta Spider-Man, Batman, X-Men ndi anzawo, timafika m'masitolo. Mwana wa mlongo wanga, amene anabadwira konko, ndi mmodzi wa anthu amenewa. Nditapita kukawaona ku Bronx, iye ndiye anapatsidwa udindo wondiyendetsa mumzinda. Ine ndinkafuna Statue of Liberty. Iye anati, "Malume, chiboliboli sichithawa. Lero ndi Lachitatu."

Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka n'kutsikira pa Times Square. Sitolo yake, Midtown Comics, ili pa 40th Street, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuipitirira, chifukwa pamsewu pali kakhomo chabe ndi masitepe okwera m'mwamba. Ukangofika pamwamba, khoma lonse lalitali ladzaza ndi timabuku ta sabata imeneyo, tonse toyang'anitsa nkhope kwa ogula. Chinandidabwitsa n'chakuti ana anali ochepa. Ambiri anali abambo ndi amayi a zaka zanga, ena a masuti, atathawako kuntchito nthawi ya nkhomaliro, akuyenda pang'onopang'ono motsata khomalo n'kumatola kamodzikamodzi, osayankhulitsana.

Kabuku kamodzi n'kopyapyala, nkhani yake ndi ya masamba pafupifupi 20, ndipo mtengo ndi madola anayi kapena asanu. Mphindi khumi wamaliza. Chopweteka n'chakuti nkhaniyo simatha: imadukira pokoma, ngati sewero la pa wailesi limene limalekeza mfiti ili pakhomo. Ngwazi iliyonse imatuluka kamodzi pamwezi, zina kawiri, koma popeza ngwazizo n'zambirimbiri, palibe Lachitatu limene limadutsa lopanda chatsopano. DC, kampani yosindikiza Batman ndi Superman, inayesapo nkhani imodzi yotuluka sabata ndi sabata, yotchedwa 52, kuyambira mu 2006 mpaka 2007, timabuku 52 ndendende. Makasitomala okhazikika amasiya mndandanda wa zimene amatsatira ndipo a m'sitolo amawasungira. Akagula amaika kabukuko m'kapulasitiki, kumbuyo kwake n'kutsamiritsa kakatoni kuti kasapindike. Ndinaseka, mnyamata uja osaseka. Anandikumbutsa kuti Amazing Fantasy nambala 15, kabuku ka mu 1962 mmene mlembi Stan Lee ndi wojambula Steve Ditko anaonetsa Spider-Man koyamba, kankagulidwa masenti 12, koma mu 2021 kamodzi kosungidwa bwino kanagulitsidwa madola 3.6 miliyoni. Ndinamuyankha kuti kanakwera mtengo chifukwa anthu ambiri anataya tawo, ndipo lero aliyense akusunga. Anangondiyang'ana.

Titatuluka m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ulendo wotere uyenera kuchitikira mumzinda uno. Superman amakhala ku Metropolis, Batman ku Gotham, mizinda yongopeka. Koma ngwazi za Marvel, kampani yosindikiza Spider-Man, zili ndi makeyala enieni. Daredevil ndi wa ku Hell's Kitchen, mtunda woyenda pansi kuchokera pa sitolo ija. Doctor Strange amakhala pa Bleecker Street. Peter Parker, amene ndiye Spider-Man, ndi mwana wa ku Forest Hills, ku Queens, wolera azakhali ake okalamba, wovutika kulipira lendi. Ofesi za Marvel zinali ku Manhattan, ndipo olemba ndi ojambula oyambirira ankangojambula zimene ankaona mumzindamo: matanki a madzi pamadenga, masitepe achitsulo othawirapo moto, tinjira ta pakati pa nyumba. Ukayenda uli chogada khosi, umazindikira kuti Spider-Man sangakhale wa mzinda wina. Pamafunika nyumba zitalizitali zoyandikana kuti ulusi wake ukhale ndi pogwira.

Tinadutsa pa Flatiron Building, nyumba yosongoka ija imene mufilimu ya Spider-Man ya mu 2002 inali ofesi ya nyuzipepala ya Daily Bugle. Sitinakhalitsepo. Malo amene ndingalimbikitse aliyense ndi kangolo ka m'malere kopita ku Roosevelt Island, koyenda cholendewera pa zingwe m'mbali mwa Queensboro Bridge. Kanayamba kuyenda mu 1976, ndipo mtengo wake ndi womwewo wa sitima ya pansi. Mufilimu ija ndi kamene Green Goblin, mdani wa Spider-Man, anakalendewetsa kodzaza ana. Ife tinakwera ndi anthu ochokera kokagula ndiwo, amene sankayang'ana n'komwe panja. Pansi pali East River, kumbuyo nyumba za Manhattan zikutsika pang'onopang'ono, ndipo kwa mphindi zochepa umaona mzindawu pa msinkhu umene ojambula aja amauonera. Ndalama zake n'zochepa kuposa za kabuku kamodzi.

Usiku kunyumba anandiikira Spider-Man: Into the Spider-Verse, ya mu 2018, imene inapata Oscar ya filimu ya makatuni. Ngwazi yake ndi Miles Morales, Spider-Man winanso, wa ku Brooklyn, bambo ake wapolisi wachikuda, mayi ake namwino wochokera ku Puerto Rico. Mlembi Brian Michael Bendis ndi wojambula Sara Pichelli ndiwo anapanga Miles mu 2011. Ndikanaionera ndisanagwireko timabuku tija, zambiri zikanandidutsa. Pankhope za anthu pali timadontho ta inki ngati ta makina akale osindikizira. Zinthu zakutali sazibisa ndi chifunga monga amachitira mafilimu ena, koma mitundu yake imaphonyana pang'ono, monga zimakhalira pepala likasuntha posindikiza. Maganizo a Miles amalembedwa m'timabokosi pa sikirini. Ndipo pamene akuphunzira kuuluka m'nkhalango, iye amayenda pa zithunzi 12 pa sekondi pomwe Peter Parker ali pa 24, motero mwanayo amaoneka wodukizadukiza, wosazolowera, popanda wina kunena. Kwa ine iyi ndi filimu ya ngwazi yokhayo imene sichita manyazi kuti inachokera papepala. Zambiri za anthu enieni ovala zovala zothina zija zimayesetsa kubisa kwawo. Stan Lee alimo, akugulitsa chovala cha Spider-Man m'sitolo. Anamwalira mu November chaka chomwecho filimu isanatuluke, ndipo Ditko anali atatsogola mu June.

Mlongo wanga, amene ankapinda zovala pampando, analowererapo. Iye anakaonera yachiwiri, Across the Spider-Verse, ku holo ya kanema mu 2023, ndipo mpaka lero sanakhululuke. Akuti atakhala maola oposa awiri, nkhani itafika pothina, panangotuluka mawu oti ipitirira. Anthu m'holomo anabuula. Mwana wake yekha ndiye anatuluka akumwetulira, chifukwa kwa iye umo ndi mmene nkhani zimathera Lachitatu lililonse.

"Koma iwe umadikira mwezi umodzi," anatero mayi ake. "Yachitatu anati ituluka mu 2024. Ili kuti?"

Mnyamata analibe yankho. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati mawa tidzuke m'mamawa kuti tikapeze boti lopita ku chiboliboli chija mzere usanatalike.