Zikomo nonse amene munandiperekeza mpaka pamaso pa aphunzitsi

Abale ndi alongo a kuno ku Joni ndi a kumudzi, zatheka. Lachinayi lapitali ndinaima pamaso pa aphunzitsi a dipatimenti yathu ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, n'kufotokoza zimene ndapeza pa kafukufuku wa digiri yanga ya masitazi. Anandipatsa mphindi 20 zolankhula, kenako mafunso. Andiuza kuti ndikonze apa ndi apo, makamaka mutu womaliza, ndipo ndikatero bukulo lipita kwa oliyesa. Foni yadzaza mauthenga moti sindingathe kuyankha aliyense payekha, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Ena mwakhala mukufunsa kuti chimandisowetsa tulo n'chiyani. Ndi nkhani ya azigogo athu amene ankabwera kumigodi ya golide kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, limene pambuyo pake linkatchedwa TEBA. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kuno ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Njira inatsekulidwanso mu 1977, koma inadzatsekeka kotheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza anthu HIV. Zimenezi zili m'mabuku kale. Ine ndinafuna kumva za ndalama: gawo la malipiro limene ankalisunga kuti munthu akalandire atafika kumudzi, mmene ankalidikirira amayi otsala, ndi zimene linagula litafika.

Ndiye zikomo woyamba apite kwa agogo amene ananditsekulira makomo awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mayina sinditchula, pakuti pa fomu ya chilolezo ndinalonjeza kuti ndidzawabisa. Agogo ena aamuna anandikhazika pamkeka, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi kachitini kadzimbiri. M'katimo munali kajumbo, m'kajumbomo munali khadi lofwifwa lokhala ndi nambala yawo ya kumgodi. Nambalayo anaitchula pamtima asanayang'ane n'komwe. Akuyamba kufotokoza kuti ndalama zonse zinathera pa malata, agogo aakazi amene ankapeta chimanga chapatali anangoti, “Inu, njinga ija ndi wailesi mwaiwala? Iwe mwana, lemba zimenezo.” Ndinalemba. Agogo aamunawo ankatsokomola pafupipafupi, chifuwa chimene anachitenga ku fumbi la miyala. Chithunzi cha khadilo, nambala itaphimbidwa, ndicho chinali choyamba pa pulojekita tsiku lija.

Kwa aphunzitsi anga ondiyang'anira, zikomo chifukwa cha cholembera chanu chofiira. Munandiuza kuti pa slide iliyonse pakhale mfundo imodzi yokha, kuti ndisamawerenge zapakhoma nditafulatira anthu, ndiponso kuti funso la kafukufuku limveke mphindi ziwiri zisanathe. Munachotsa tsamba lonse la zaka ndi manambala limene ndinkalikonda kwambiri. Panthawiyo ndinkaona ngati nkhanza. Zikomonso kwa ogwira ntchito kumalo osungira zakale: ku National Archives ku Zomba, ku William Cullen Library pa Wits pomwepa, ndi ku University of Johannesburg kumene kuli mapepala a TEBA. Mabokosi aja ndi olemera, ndipo munanditulutsira osanyinyirika.

Koma amene anandikonzekeretsa zenizeni ndi gulu la Lamlungu madzulo ku Turffontein. Tikaweruka kutchalitchi, achemwali anga ankaphika nsima ndi usipa wobwera pa basi ya ku Park Station, ine n'kuika laputopu pamwamba pa ndowa yovundikira, n'kuyamba kulankhula ngati ndili m'kalasi. Mlamu wanga ndiye anali wosunga nthawi. Mphindi 20 zikakwana ankamenya supuni pa mbale, ngakhale ndili pakati pa chiganizo, osamva za “ndatsala pang'ono”. Chimene chinandithandiza koposa n'chakuti anandikakamiza kufotokoza zonse m'Chichewa kaye. Mawu aakulu a m'mabuku amabisa munthu. Ukamafotokozera amayi a Mvano amene atopa ndi ntchito ya m'nyumba sabata yonse, umadziwa msanga pamene iwe mwini sunamvetse.

Tsiku lina amalume, amene amalondera usiku ku Booysens, anakhala chete mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa kuti, “Mphwanga, nkhalamba zimenezi zikukamba za zaka 50 zapitazo. Nanga zikakhala kuti zikuwonjezera mchere, iwe udziwa bwanji?” Onse anaseka, koma amalume sanaseke. Tinakambirana mpaka kunja kunada. Ndinawafotokozera kuti zimene agogo anandiuza ndinkaziyerekeza ndi mapepala a nthawiyo, ndipo pamene ziwirizi zasemphana ndinalemba mbali zonse, chifukwa pepala la kampani nalonso linalembedwa ndi munthu wokhala ndi zofuna zake. Kalaliki ankalemba kuti ndalama zaperekedwa. Sankalemba kuti mayi anadikira nyengo ziwiri za dzinja ana akudya kamodzi. Lachinayi, mphunzitsi wina wa tsitsi la imvi atavula magalasi n'kuyamba funso lake, ndinazindikira kuti ndi la amalume lomwe lija, kungoti lavala suti. Mawondo anasiya kunjenjemera pomwepo. Amalume, fanta wanu ali pa ine.

Za ndalama ndinene poyera, pakuti ambiri timachita nazo manyazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kangachepe kamene makolo ankanditumizira kanasanduka ka basi basi. A gulu lathu la chipereganyu munandilola kulandira nthawi yanga isanakwane kuti ndilipire fizi, pamene ena mwa inu munkafuna kutumiza ya feteleza kumudzi. Achemwali, munalipira zosindikiza, munandisitira malaya, ndipo magetsi akazima munkandisiyira nyali yanu yotchaja inu n'kukagona mumdima. Mnzanga wa m'kalasi wa ku Limpopo, amene sungawerenge izi koma ndikuwerengera: unandiuza kuti ndisunge ma slide pa flash, pa imelo ndi papepala, ndipo unakhala kutsogolo n'kumagwedeza mutu ngakhale pamene ndinkathamanga. Amayi ndi abambo kumudzi, ndikudziwa kuti munadzuka m'mamawa kupemphera. Abusa ndi mpingo wonse, Mulungu akubwezereni.

Pali ngongole imodzi yomwe ndisanaibweze. Agogo angapo anandifunsa za chipukuta misozi cha matenda a kumgodi. Mu 2019 khoti la kuno ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira amene anadwala matenda a fumbi m'mapapo kapena chifuwa chachikulu atagwira ntchito m'migodi ina ya golide kuyambira 1965, ndipo bungwe loyendetsa zimenezi ndi Tshiamiso Trust. Amalawi nawonso akukhudzidwa, pamodzi ndi mabanja a amene anamwalira. Ine si loya ndipo sindikulonjeza munthu ndalama, koma kuwerenga fomu ndimatha.

Lamlungu likubwerali tikaweruka, ndidzafotokozanso kafukufuku yense m'Chichewa pamalo pathu pomwe paja, popanda wondimenyera supuni. Amene muli ndi agogo kapena abambo amene anapita ku Wenela kapena ku TEBA, auzeni a kumudzi ajambule khadi, chiphaso kapena pepala lililonse la kumgodi limene latsala, akutumizireni pa WhatsApp, mubwere nalo tidzalione limodzi. Achemwali akuti aliyense abwere ndi mbale yake.