Fischer kapena Karpov mu 1975? Pamene ndafika ndi maphunziro anga a tchesi

Mwezi uno ndaleka kusewera magemu othamanga a pa foni. Madzulo ndimayala bolodi patebulo n'kumabwereza magemu akale ndi manja, kusuntha kwina kulikonse ndikuyamba ndaganiza kaye ndekha ndisanaone zimene katswiriyo anachita. Ndasankha anthu awiri okha, Bobby Fischer ndi Anatoly Karpov, chifukwa cha mkangano umene sukutha pakati pa ine ndi mnzanga amene timasewera naye: akanakumana mu 1975, akanapambana ndani?

Mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse pakati pa awiriwa unayenera kuchitika ndithu. Fischer, amene anali katswiri wa dziko lonse panthawiyo, anafuna kuti wopambana akhale woyamba kuwina magemu 10, kulepherana kusawerengedwe, ndipo zikafika pa 9 kwa 9 ukatswiri ukhalebe wake. Bungwe la FIDE, loyendetsa tchesi padziko lonse, linavomera za magemu 10 zija koma linakana za 9 kwa 9. Fischer sanabwere, ndipo mu April 1975 Karpov anavekedwa ukatswiri osakhudza bolodi. Zimandiwawabe mpaka lero.

Mnzangayo ali kumbali ya Karpov, ndipo mfundo zake si zachibwana. Akuti Fischer atagonjetsa Spassky ku Reykjavik mu 1972 sanasewerenso gemu ya mpikisano mpaka 1992, pamene Karpov mu 1974 anachotsa Polugaevsky, Spassky ndi Korchnoi motsatizana. Spassky yemweyo anawina gemu imodzi yokha, Karpov zinayi.

Gemu imene yandiphunzitsa kwambiri ndi ya Karpov ndi Unzicker ku Nice mu 1974. Pa kusuntha kwa 24 Karpov amatenga bishopu wake n'kukamuika pa a7, mkati mwenimweni mwa dera la mdani. Bishopuyo sakudya kanthu, sakuopseza mfumu. Wangotseka njira ya "a" kuti ma rook asasinthane, ndipo kumbuyo kwake Karpov akusanja ma rook ake mosapupuluma. Unzicker amangozungulira m'nyumba mwake mopanda pothawira, kenako chiwembu chimatulukira mbali ya mfumu. Kuchokera pamenepa ndayamba kufunsa kuti mnzanga akufuna chiyani ndisanafunse zimene ndikufuna ine, ndipo magemu anga aatali ayamba kuoneka mwadongosolo.

Komabe ine ndili kwa Fischer, ndipo chifukwa changa ndi kutalika kwa mpikisanowo. Karpov ankayamba mwamphamvu koma ankafooka nkhondo ikatalika. Mu 1974 anatsogola ndi magemu atatu kwa Korchnoi, n'kuluza awiri chakumapeto. Ku Baguio mu 1978 anali pa 5 kwa 2, Korchnoi n'kumupeza pa 5 kwa 5, ndipo anapulumukira pa gemu ya 32. Mu 1984 anatsogola 5 kwa 0 pamaso pa Kasparov, koma yachisanu ndi chimodzi sinabwere. Mpikisano unaimitsidwa mu February 1985 pambuyo pa magemu 48, zili 5 kwa 3. Apa ankafuna magemu 6 okha. Nanga 10, ndi Fischer, munthu amene sankakonda kulepherana msanga, amene mu 1971 anakwapula Taimanov 6 kwa 0 ndi Larsen 6 kwa 0?

Ndikuvomereza kuti miyezi yoyambirira Karpov akanamuvutitsa, mwinanso kutsogola. Koma Fischer anayambanso moipa ku Reykjavik, 0 kwa 2, n'kumaliza ndi 12½ kwa 8½. Gemu yachisanu ndi chimodzi anatsegula ndi kusuntha pawn ku c4, iye wodziwika ndi kutsegula ndi e4, ndipo anasewera mokoma moti Spassky anaomba nawo m'manja.

Ukanakhala mpikisano wa magemu 24 okha, ndikanamvana ndi mnzangayo. Sabata yamawa ndiyamba magemu a Fischer ndi Petrosian a ku Buenos Aires mu 1971, popeza kaseweredwe kotchinga ka Petrosian ndi kamene kakufanana kwambiri ndi ka Karpov.